Sundae wa Zipatso ndi Sorbet: Nkhani Yagona pa Shuga

Aliyense amene anayesapo kuthira madzi a mango m'bakuli n'kuwasiya mu firiza usiku wonse akudziwa chimene chimatuluka m'mawa: chibuma chouma gwa, choti supuni imangoterereka pamwamba. Ukachisiya pathebulo kuti chifeweko, zotsekemera zonse zimatsikira pansi, pamwamba n'kutsala madzi oundana a zii. Ambiri amagwa ulesi pomwepo, n'kumati zofewa bwino zija ndi za kuhotela, kumene kuli makina. Komatu makina si amene amafewetsa sorbet. Chimene chimalamula ndi kuchuluka kwa shuga m'madzi a chipatsocho. Chachiwiri ndi mmene madziwo aundanira, kaya mofulumira kapena mochedwa, kaya akutakasidwa kapena ali phee. Munthu akamvetsa ziwirizi, sundae wa zipatso ndi sorbet amatheka m'khitchini wamba, ndi sefa, foloko ndi kafiriza ka pamwamba pa firiji.

Sundae kwawo ndi ku America. Ndi chakudya chotsekemera chimene amasanja m'tambula yaitali kapena m'kambale: pakati chozizira, pamwamba sosi wotsekemera, kenako zipatso ndi tina tokukuta. Matauni angapo a kumeneko amalimbirana kuti ndiwo anayambitsa. A ku Two Rivers m'chigawo cha Wisconsin amatchula chaka cha 1881, koma umboni wolembedwa wakale kuposa wonse uli ku Ithaca m'chigawo cha New York. Lamlungu pa 3 Epulo 1892, Chester Platt, mwini sitolo ya mankhwala, anapatsa m'busa John Scott ayisikirimu wa vanila wothira madzi otsekemera a zipatso za cherry, ndipo patangopita masiku awiri chakudyacho chinatsatsidwa m'nyuzipepala ya m'tauniyo. Musadabwe kumva za sitolo ya mankhwala. Masiku amenewo masitolo otere ndiwo ankagulitsanso zoziziritsa kukhosi.

Sorbet ndi wakale kuposa apo, ndipo anakulira ku Italy. Antonio Latini, amene ankayang'anira za zakudya m'nyumba ya munthu wamkulu ku Naples, analemba kapangidwe kake m'buku limene linatuluka m'magawo awiri mu 1692 ndi 1694. Nthawiyo kunalibe magetsi. Ankatuta chipale chofewa kumapiri, kuchisunga m'maenje, n'kuchisakaniza ndi mchere kuti chiundanitse madzi a mandimu ndi a zipatso zina. Choncho amene akuika sorbet m'malo mwa ayisikirimu mu sundae akukumanitsa chakudya cha ku Italy ndi kasanjidwe ka ku America. Ndimaona kuti kwa ife amene mango, nanazi ndi magalagadeya zimatipsera pakhomo, kukumana kumeneku kumatikomera kuposa sundae wa mkaka. Kirimu ndi wodula ndipo sapezeka paliponse, komanso akuluakulu ambiri mkaka umawadzaza mpweya m'mimba. Sorbet safuna mkaka ngakhale dontho. Ndi chipatso, madzi, shuga ndi mandimu basi.

Koma kuchepa kwa zofunika kumeneku ndi kumenenso kumamuvutitsa. Mu ayisikirimu muli mafuta a mkaka, ndipo ku America lamulo limafuna kuti asachepere 10 peresenti. Mafutawo amabisa zolakwika zambiri chifukwa amakuta lilime, munthu osamva kukhakhala. Sorbet alibe pobisala. Zimene zimachitika mu firiza ndi izi. Madzi a chipatso akayamba kuzizira, chimene chimaundana ndi madzi okha. Shuga salowa m'madzi oundana. Ndiye timibulu ta madzi oundana tikamachuluka, shuga yense amapanikizana m'madzi otsala, madziwo n'kumakhathamira, ndipo akakhathamira kwambiri saundananso ngakhale firiza ifike pa -18°C. Sorbet wabwino ndi timibulu tating'ono kwambiri, tosamveka palilime, tosambira m'madzi a shuga amenewa, pakati pake pali timpweya tolowa potakasa. Shuga akachepa, pafupifupi madzi onse amaundana ndipo timibulu timagwirana kukhala chibuma chija. Shuga akachulukitsa, madzi ambiri amakana kuundana, sorbet n'kukhala wa phwetete, woti sangaumbike pasupuni, kutsekemera kwakenso kochita kulowa m'mutu.

Odziwa ntchitoyi amasunga shuga pakati pa 20 ndi 30 peresenti ya kulemera kwa zonse, ndipo ambiri amaloza cha m'ma 25 mpaka 28. Powerengera musaiwale kuti chipatso chimabwera ndi shuga wake. Mango wakupsa bwino amakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 14 pa magalamu 100 alionse. Ndiye mukafuna sorbet wa kilogalamu imodzi, tengani magalamu 700 a mango wosenda, wogaya ndi kusefa. Mmenemo muli kale shuga pafupifupi magalamu 100. Wiritsani shuga magalamu 160 m'madzi mamililita 110 mpaka asungunuke yense, muwasiye azizire, ndipo musakanize ndi mango uja pamodzi ndi madzi a mandimu mamililita 30, amene ndi masupuni awiri aakulu, ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Zonse pamodzi zikwana kilogalamu, shuga wake akhala pafupifupi 26 peresenti. Amene alibe sikelo agwiritse ntchito kapu imodzi poyezera zonse: makapu anayi a chipatso chogaya, kapu imodzi ya shuga. Mandimu okha amasiyana chifukwa shuga wawo ndi wochepa ndipo amawawasa kwambiri. Madzi a mandimu mamililita 250 amafuna madzi theka la lita ndi shuga magalamu 250.

Mukalawa musanaike mu firiza mudzamva ngati mwachulutsa shuga pang'ono. Musathire madzi. Kuzizira kumagonetsa lilime, ndipo chimene chikutsekemera kwambiri chili chamadzi chidzafika pa muyezo chikaundana. N'chifukwa chake mandimu ndi mchere siziyenera kusowa. Sizithiridwa kuti zimveke pazokha, koma kuti zidzutse kukoma kwa chipatso kumene kuzizira kwaphimba. Sorbet wa mango wopanda mandimu amangotsekemera, koma sanunkhira mango.

Pali njira yakale yoyezera shuga imene ophika akugwiritsabe ntchito. Tsukani bwino dzira laliwisi, latsopano, ndi sopo, muliike m'madzi a chipatso aja. Likamira, shuga wachepa. Likayandama n'kuonetsa chikungwa chachikulu, shuga wachuluka, onjezerani madzi. Likaonetsa kabwalo kotambalala masentimita awiri kapena awiri ndi theka, zili bwino. Dzira logonera limanama chifukwa limakhala ndi mpweya wambiri m'kati, ndipo njirayi imagwira bwino pa madzi opyapyala monga a mandimu, malalanje ndi mavwende kusiyana ndi mango wokhathamira, amene amatha kuligwira dzira pamwamba ngakhale shuga ali wochepa.

Ena amafunsa ngati uchi ungalowe m'malo mwa shuga. Ungathe, koma mbali chabe. Shuga wa mu uchi ndi wa mtundu umene umakaniza madzi kuundana kwambiri kuposa shuga wa nzimbe, moti kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a shuga n'kuikapo uchi kumafewetsa sorbet, koma uchi wokhawokha umamusiya wamadzimadzi, fungo lakenso n'kuphimba chipatso. Kumbukiraninso kuti mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi. Mabuku ena ophikira amati muthire supuni ya mowa waukali, popeza mowa nawo suundana msanga, ndipo ena amati mumenyeremo choyera cha dzira laliwisi kuti mpweya ulowe wambiri. Zonsezi zimagwira ntchito, koma ine sindilimbikitsa. Chakudyachi amachikonda kwambiri ndi ana, ndipo dzira losaphika limatha kunyamula tizilombo totsegula m'mimba. Shuga akayezedwa bwino, zonsezi sizifunika.

Zipatso sizimvera mofanana. Zimene zili ndi mnofu wokhathamira zimapereka sorbet wosalala mosavuta, chifukwa mnofuwo umatchinga timibulu kuti tisakumane n'kukula. Apa mango ndiye patsogolo. Mango athu a ulusi, amene ambiri amawaderera poyerekeza ndi a mitundu ya Kent ndi Tommy Atkins, nthawi zambiri ndiwo amanunkhira kwambiri. Ntchito ndi kuwapsinya pa sefa mpaka ulusi wonse utsale pamwamba. Magwafa amafuna kuwiritsidwa pang'ono ndi kusefedwa kawiri chifukwa cha njere ndi timchenga take. Nanazi wa ku Mulanje akapsa bwino safuna mandimu ambiri. Magalagadeya ndi amphamvu kwambiri, moti madzi ake amasungunulidwa ndi madzi ena, kapena kusakanizidwa ndi mango. Malambe ndimawaika pambali mwaulemu. Ufa wake ukanyikidwa m'madzi ofunda, kutikitidwa ndi kusefedwa, umatulutsa madzi okhathamira, owawasa, amene amaundana mosalala ngati muli mkaka pomwe mulibe. Amayi amene amagulitsa ma freezes a malambe m'misika ndi pa masukulu ali kale pakhomo pa sorbet. Chimene chimasiyanitsa n'choti ma freezes amaundana ali phee m'kapepala, ndipo shuga wake amakhala wocheperako. Bwemba nalo limachita bwino, koma limadya shuga wambiri. Mavwende, manachesi ndi malalanje ndi madzi okhaokha. Amakoma, koma sachedwa kukhakhala, ndipo amafuna kudyedwa tsiku lomwelo.

Pa zonsezi, chipatso chikhale chakupsa kwenikweni. Shuga angawonjezere kutsekemera koma sangabweretse fungo limene chipatso chosakhwima chilibe. Mango amene wafewa kwambiri, woti pamsika amutsitsa mtengo, ndiye woyenera, malinga asakhale ataola kapena kuyamba kusasa. Kuyambira Novembala mpaka Januwale, pamene mango amachita kutayika pansi pa mitengo ku Salima ndi ku Nkhotakota, munthu angagaye ambiri, kusefa, n'kusunga mu firiza m'timajumbo ta muyezo umodzi, kudikira miyezi imene mango asowa.

Tsopano kaundanitsidwe. Lamulo ndi limodzi: madzi akaundana msanga uku akutakasidwa, timibulu timakhala tambiri koma tating'ono, akaundana pang'onopang'ono ali phee, timakhala tochepa koma tikulutikulu. Ndi monga phala, limene ukalisiya osatakasa limachita mibulu. Choyamba, madzi a chipatso aja aziziriretu m'firiji maola atatu kapena anayi, ngakhale usiku wonse. Kuika ofunda mu firiza ndi kudzichedwetsa, komanso kumasungunula zina zimene zili momwemo.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya thireyi. Thirani madziwo m'thireyi yachitsulo yosaya, asapitirire masentimita atatu kuya kwake, chifukwa chitsulo chimatenga kuzizira msanga kuposa pulasitiki. Pakatha mphindi 30 mpaka 45 m'mbali mumayamba kugwira. Palani ndi foloko, kokerani pakati, menyani mwamphamvu, bwezerani. Bwerezani kanayi kapena kasanu, ndipo pakatha maola atatu kapena anayi zatheka. Kunena zoona, foloko yokha sifikitsa pa kusalala kwenikweni. Imapereka chofanana ndi granita wa ku Sicily, amene timibulu take timamveka pamano ndipo ndi mmene eni ake amamufunira. Kwa mavwende ndi mandimu zimenezi n'zabwino ndithu. Koma amene ali ndi blender ali ndi njira yoposa apa: kuundanitsa madziwo m'timabokosi topangira madzi oundana mpaka aume, kenako kugaya timabulokoto mpaka tisalale, n'kubwezera mu firiza ola limodzi. Mipeni ya makinawo imaphwanya timibulu kuposa mmene dzanja lingathere, n'kulowetsamonso mpweya. Kwa nyumba zambiri ndimaona kuti njira imeneyi ndiyo yopambana.

Njira ya mchere ndi madzi oundana, ija ya ku Naples, idakagwirabe ntchito, ndipo imathandiza amene alibe firiza koma angathe kugula madzi oundana. Mchere umakakamiza madzi oundana kusungunuka, ndipo posungunukapo amayamwa kutentha kwa chilichonse chimene chawayandikira, moti chisakanizocho chimatha kutsika mpaka pafupifupi -21°C. Thirani madzi a chipatso, osapitirira makapu awiri, m'chitini chotsekeka bwino kapena m'jumbo yolimba yomanga kawiri. Ikani m'chidebe, zungulizani ndi madzi oundana ophwanya magawo atatu ndi mchere wamibulu gawo limodzi, ndipo gwedezani mphindi 15 kapena 20, mukumatsegula apa ndi apo kupala m'mbali. Gwirani ndi nsalu, chifukwa kuzizira kotere kumapweteka khungu, ndipo tsukani kunja kwa chitini musanatsegule kuti mchere usalowe. Makina opukusa ndi dzanja amene Nancy Johnson wa ku Philadelphia analembetsa mu 1843 ankachita zomwezi, kungoti anali ndi chopalasira m'kati. Makina amagetsi a masiku ano akungopitiriza nzeru yomweyo.

Pali nkhani imene mabuku ophikira a kunja sailabadira koma ife sitingailumphe, ndiyo madzi. Sorbet saphikidwa, ndipo kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Tizilombo ta kolera timatha kukhala moyo m'madzi oundana. Mliri umene unayamba m'Malawi mu Marichi 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo aliyense amene anauona sangatenge madzi mwachibwana. Madzi onse olowa mu sorbet akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Zipatso zitsukidwe ndi madzi abwino musanazisende, chifukwa mpeni umanyamula zakunja kulowetsa m'kati. Thabwa lodulirapo nyama ndi nsomba lisakhale lomwelo lodulirapo mango. Madzi oundana ogula, amene simudziwa kumene anatungidwa, akhale kunja kwa chitini basi.

Sorbet akatheka, ntchito yatsala ndi kumupezera anzake, ndipo apa ndi pamene anthu amakonda kuchulutsa gaga m'diwa. Mu 1904 David Strickler wa ku Latrobe, Pennsylvania, anang'amba nthochi pakati n'kusanjapo timipira titatu ta ayisikirimu, ndipo banana split wa masiku ano, amene anachokera pamenepo, amanyamula masosi atatu, kirimu ndi mtedza. Mkaka umatha kusenza katundu yense ameneyu. Sorbet sangathe. Chitsanzo chimene chimamuyenera ndi cha Auguste Escoffier, wophika wa ku France amene m'zaka za m'ma 1890 ku London anapangira woimba Nellie Melba chakudya chimene chikudziwika kuti Peach Melba: mapichesi, chozizira chimodzi ndi sosi wa zipatso za raspberry. Zinthu zitatu zokha, chilichonse n'kumamveka. Sundae wa sorbet azitsata pamenepo: sorbet mtundu umodzi, zipatso mitundu iwiri, sosi mmodzi, chokukuta chimodzi.

Zipatso zosanjazo zikhale zozizira za m'firiji, osati zoundana, chifukwa chipatso choundana chimauma ndipo sichimveka kukoma. Ziduleni tizidutswa toti tikwane pasupuni limodzi ndi sorbet. Muziwaze supuni imodzi ya shuga ndi madontho a mandimu, muzisiye mphindi 20 kapena 30. Shuga amakoka madzi m'chipatso, ndipo madzi amene amadikha pansi pa mbale ndi sosi wokoma amene simunavutike naye. Sitiroberi za ku Zomba zimachita bwino kwambiri motere. Nthochi, maapozi ndi mapeyala zimada zikangodulidwa chifukwa cha mpweya. Mandimu amachedwetsa kudako, komabe ndi bwino kuzidula pomaliza. Posankha, ganizirani zosiyana osati zofanana. Sorbet wa mango amafuna chowawasa, monga nanazi kapena magalagadeya. Wa malambe kapena wa mandimu amafuna chofatsa, monga nthochi kapena papaya. Mango pansi, mango pakati, mango pamwamba, pakamwa pamatopa pa supuni yachitatu.

Sosi wophika ndi wosavuta. Madzi a magalagadeya theka la kapu ndi shuga masupuni atatu, kuwiritsa mphindi zochepa mpaka akhathamire, n'kubwezeramo njere pang'ono kuti aoneke bwino. Chidede chouma chowiritsa ndi shuga ndi kachidutswa ka jinja chimapereka sosi wofiira, wowawasa, amene pa sorbet wachikasu amakongola kwabasi. Sosi aliyense azizire kaye. Chokoleti chamoto chimene chimakoma pa ayisikirimu chimasungunula sorbet nthawi yomweyo, ndipo kulemera kwake kumakwirira chipatso.

Chokukuta ndi chimene ambiri amaiwala, pomwe ndicho chimapangitsa tambula ya zofewa zokhazokha kukhala sundae. Mtedza wokazinga bwino pachiwaya, wofikisa makoko, wosinja pang'ono osafika pa nsinjiro, ndi wokwanira, makamaka ukakhala ndi kamchere. Amene akufuna kuposera apo asungunule shuga pamoto mpaka afiire, athiremo mtedza, akhuthulire pathireyi yopaka mafuta, ukazizira aphwanye. Chitowe, kokonati wokazinga, makadamiya a ku Thyolo kapena mabisiketi ophwanya zimalowanso. Mtedza usankhidwe bwino, wonyala ndi wachuku utayidwe, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto wokazingira. Ana osakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu, ungawatsamwe, ndipo mlendo afunsidwe kaye ngati thupi lake limagwirizana nawo.

Nanga kirimu kapena yogati pamwamba? Apa anthu amasiyana maganizo. Ena amati sundae wopanda choyera pamwamba si sundae. Ena amati ukathira mkaka wataya chimene unasankhira sorbet. Ine ndimaona kuti supuni imodzi ya yogati wosatsekemera imathandiza pa sorbet wowawasa kwambiri, monga wa bwemba, koma pa mango sifunika. Chimene muyenera kudziwa n'choti mu nanazi ndi papaya zaziwisi muli zinthu zachilengedwe, bromelain ndi papain, zimene zimaphwanya mapuloteni. Ndi mphamvu yomwe ija imafewetsa nyama yolimba ikakulungidwa m'masamba a papaya. Zipatsozi zikakhalitsa ndi mkaka, mkakawo umayamba kuwawa ndi kulekana. Choncho yogati athiridwe pa nthawi yopereka, kapena nanaziyo awiritsidwe kaye pang'ono, popeza moto umathetsa mphamvuyo.

Kusanja kwenikweniko ndi kwa mphindi imodzi, ndipo zonse zikhale zili pafupi musanatulutse sorbet. Matambula alowe mu firiza mphindi 15 kuti azizire. Tambula yofunda imasungunula sorbet asanafike pathebulo, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo. Sorbet wa panyumba amauma kuposa wogula, ndiye muikeni m'firiji mphindi 15 kapena 20 kuti afewe mofanana m'kati ndi kunja. Pansi pa tambula ikani zipatso ndi madzi ake, pamwamba pake sorbet wotapa ndi supuni yoviika m'madzi ofunda, kenako zipatso zina pang'ono, sosi, ndipo mtedza pomalizira kuti usanyowe. Odya akhale atakhala kale pansi. Sorbet amasungunuka msanga kuposa ayisikirimu, sadikira munthu amene akusamba m'manja.

Wotsala asungidwe m'bakuli losaya, pamwamba pake mutagunditsa pepala la pulasitiki kuti mpweya usamukhudze, ndipo bakulilo likhale kumbuyo kwa firiza, kutali ndi chitseko ndiponso kutali ndi nsomba, chifukwa amatenga fungo. Pasanathe mlungu adyedwe. Nthawi iliyonse imene firiza yafundako n'kuziziranso, timibulu tating'ono timasungunuka ndipo madzi ake amakamatira pa tikulutikulu, ndiye sorbet amanka nakhakhala. Kuzima kwa magetsi kumafulumizitsa zimenezi. Magetsi akapita, musatsegule firiza. Yodzaza bwino imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa yopanda kanthu, ndipo mabotolo a madzi oundana oikidwa m'malo otsala amathandiza. Sorbet akafewa koma akadali wozizira kwambiri, mungamuundanitsenso n'kumugaya, abwerera mwakale. Akasungunukiratu n'kufunda kwa maola, kapena ngati munali mkaka, mutayeni.

Funso lomaliza ndi limene makolo ambiri amafunsa: kodi popeza ndi zipatso, ndiye kuti ndi chakudya chopatsa thanzi? Mafuta mulibe, ndipo mavitamini a chipatso ambiri amatsalamo popeza sichinaphikidwe. Koma masamu aja sanama. Timipira tiwiri tolemera magalamu 100 tili ndi shuga pafupifupi magalamu 25, osawerengera sosi. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2015 kuti shuga wowonjezera, kuphatikizapo wa mu uchi ndi m'madzi a zipatso, asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, kumene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, ndipo linati kutsika mpaka theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Tambula imodzi yowolowa manja ingathe kudya gawo lalikulu la muyezo wa tsiku lonse. Kuchepetsa shuga mu sorbet si yankho, chifukwa taona kale kuti shugayo ndiye akugwira ntchito yofewetsa, ndipo timapiritsi totsekemeretsa tiyi sitingagwire ntchito imeneyo. Amene sakufuna shuga wowonjezera adule nthochi zakupsa kwambiri, aziundanitse, azigaye ndi mango pang'ono. Zimasalala bwino, kungoti zimafuna kudyedwa nthawi yomweyo. Odwala matenda a shuga afunse kaye kuchipatala, chifukwa nthochi ndi mango nazo zili ndi shuga wake. Kwa ena tonse, chepetsani sorbet m'tambula osati shuga mu sorbet. Kampira kamodzi n'kokwana munthu mmodzi, malo otsalawo mudzaze zipatso zaziwisi.